Lekani kuwapekera mbiri Mama Chikamoneka

Dzulo madzulo mwana wa mchemwali wanga anandiwerengera homuweki yake. Akuti Mama Julia Chikamoneka, mayi womenyera ufulu wa Zambia, anavula pamaso pa Mfumukazi Elizabeth pa 24 October 1964, tsiku limene dziko lino linalandira ufulu. Nditafunsa kumene wazitenga anati pa Facebook. Aphunzitsi anali atachonga kale, cholembera chofiira, kuti wakhoza. Ndinakwiya mpaka nsima kundikanika.

Limeneli ndi bodza. Mfumukaziyo sinaliko n'komwe kuno tsiku la ufulu. Zimene zija zinachitika mu 1960, pabwalo la ndege kuno ku Lusaka, pamaso pa Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoyang'anira maiko a atsamunda. Ufulu unali usanaoneke, apolisi anali a atsamunda, kumangidwa kunali pafupi. Mukasunthira nkhaniyi ku 1964 mwawalanda kulimba mtima konse, mwawasandutsa mayi wovina pachikondwerero.

Komanso sanali okha. Analipo Emelia Saidi, analipo Mandalena Mumba. Ndani akuwatchula? Mayi wa msinkhu wa amayi anu kuonetsa mawere pagulu, kwathu kuno ndi temberero, ndi kulira komaliza zonse zikakanika. Ndiye inu mukuzilemba ngati nthabwala, chaka cholakwika, munthu wolakwika, anzawo mwawafufuta!

Mama Chikamoneka ankagulitsa pamsika ku Kabwata. Usiku ankayenda m'makomboni akugwedeza chitini cha miyala kuitanira anthu ku misonkhano ya UNIP, chipani chimene chinkamenyera ufulu. Tangoganizani, mayi mumdima, chitini m'manja, agalu akuuwa. Zimenezi sizikukwanirani kuti muzichita kuwonjezera Mfumukazi? Anamwalira mu 1986, si kale. Amene anawaona ndi maso akadalipo ku Chilenje ndi ku Matero, koma ulesi, timangokopera za pafoni. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ngati simukudziwa, musalembe. Ngati mwalemba, lembani zoona. Mayina awo onse, chaka chake, malo ake. Amayi amenewa anavutikira dziko lino, sangavutikenso ndi mabodza athu ali m'manda.

Ndipo chaka chilichonse pa Freedom Statue, chipilala chokumbukira omenyera ufulu, nkhata zimaikidwa, amuna amasuti amalankhula maola, mayina a amuna anzawo okhaokha. Amayi amavekedwa zitenje n'kuimikidwa padzuwa kuti aziimba. Mwana uja ndamuuza akafufute, akalembenso, ndipo Lolemba ndikupita naye ndekha kusukuluko.