Timadontho tiwiri si zokongoletsera kalata

Lero ndiye ndilankhula, chifukwa zandikwana. Dzulo mwana wa achemwali anga wabwera kwathu ku Area 25 ndi kalata yofunsira ntchito yaukalaliki, akuti malume tandionereni. Anali atataipitsa kale pakashopu kena ku Nsungwi, ndalama atalipira, kalata ili mu envulopu ya khaki. Kungoitsegula, makoloni, timadontho tiwiri tija (:), ali mbwee ngati nyerere pa shuga. "My name is:" kenako dzina. "I am: honest and hardworking." "I have worked in: Kawale and Biwi." Ndinawerenga makoloni 9 patsamba limodzi!

Mnyamata wake ali ndi MSCE, satifiketi imene a MANEB sapereka ukalephera Chingerezi. Ndamufunsa kuti iwe, timadonthoti tikutani apa? Akuti kalata imaoneka yaulemu. Yaulemu!

Abale, koloni ili ndi ntchito yake. Mawu a kumanzere kwake azikhala chiganizo chathunthu, choti ungaikepo mpumiro osachita manyazi. Phimbani ndi chala zonse za kumanja. "I am" nchiyani? "I have worked in" kuti? Chiganizo chaduka miyendo. Koma mukalemba "I have worked in two places: Kawale and Biwi", apo koloni yakhala pampando wake, chifukwa mwamaliza kunena ndiye mukutambasula. Pambuyo pa is, are, in, such as, musaikepo kanthu, ingopitirizani. Malizani kaye chiganizo, koloni ibwere pambuyo. Zovuta zili pati?

Kaya olakwa ndi aphunzitsi, kaya ndi mafoniwa, izo nzawo. Chondipweteka nchakuti timadontho tomweti timatilemba bwinobwino pa Yohane 3:16 ndi pa 10:30, ngakhale pa RE: wa pamwamba pa kalata. Tikangofika m'chiganizo basi tayamba kuwaza ngati mchere mundiwo. Safunsa anadya phula. Akanapanda kudzera kwathu, kalata ija bwenzi pano ili pa desiki la bwana wina ku City Centre, ndipo bwanayo sakanafika ngakhale pa ndime yachiwiri.

Nanunso otaipa, mumalandira ndalama patsamba lililonse koma kuwerenga zomwe mukutaipazo ayi. Munthu wakubweretserani "I am:" inu phwa phwa phwa, kusindikiza, kutambasula dzanja. Ndipo pansi pake munalemba "Yours faithfull". Y wake munamusiya kuti?