Alekeni ana awerenge zoseketsa

Maganizo anga awa, okwiya akwiye basi. Kagulu kathu ka ana kowerenga mabuku Loweruka masana kuno kwa Mpondasi makolo ena ayamba kukadandaula, akuti bukhu lomwe tasankha ndi lachibwana mulibe phunziro, bola tiziwapatsa mapepala a mayeso akale a sitandade 8. Koma abale inu, sabata yonse mwana ali pa bolodi, ena akaweruka apitenso ku madrasa, ndiye Loweruka nalonso MANEB?

Bukhulo ndi la nthano yongopeka, muli kamtsikana kamene kali pa ulendo wokasaka m'bale wake limodzi ndi chinjoka chouluka cholavula moto, koma chinjokacho n'chamantha komanso chili ndi chimfine, chikangoyetsemula chaotcha kamba yense wa paulendo kkkk. Ana amaseka mpaka kugubuduka pa mphasa ndipo ana omwe aja amathawa kuwerenga mokweza mkalasi ndi amene akulimbirana bukhu, akufuna adziwe ngati kamtsikanako ndi chinjokacho afike kapena ayi. Mawu ovuta akufunsa okha osawakakamiza. Kuwerenga kumeneko si kumene timafuna?

Ena akuti nyama zolankhula ndi matsenga n'zaufiti. Aaa ayi. Agogo athu akati padangokhala ife tilitonse, Kalulu amapusitsa Njovu, Fisi amang'ambika pa mphambano chifukwa cha dyera, panalibe amene anathamangira kwa abusa kapena kwa ashehe.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Bukhu limeneli ndi la Chingerezi, lochokera kunja, theka la nthawi ndimathera kufotokoza za chisanu chogwa ngati ufa kwa mwana wa ku Mangochi amene akutuluka thukuta mu Okutobala. Olemba athu muli kuti? Nkhani zili mbwee pompano. Mwala wa Mphini uli apo panjira ya ku Cape Maclear, ndani anautema mphini zija ndipo analakwa chani? Napolo atasochera n'kutulukira mu Malombe, madzi osaya aja, n'kumafunsa njira kwa asodzi a kambuzi. Agogo Ilala, sitima ija, amene akhala akuyenda panyanja kuyambira 1951 tsiku lina angokana kunyamuka pa Monkey Bay ati nyamakazi. Chambo chokhala mfumu, usipa ukuchita zionetsero, mwera ukulowerera. Kapena wotchi ija ya Queen Victoria pafupi ndi mlatho izibwerera m'mbuyo, ana apezeke ali m'nthawi imene Mangochi inkatchedwa Fort Johnston, opanda foni opanda chipisi.

Mulembe mu Chichewa, anthu ena m'nkhanimo aziyankha mu Chiyao ngati mmene timalankhulira pamsika, ndipo chonde chonde musatiikire kumapeto zoti "ana inu tiphunzirapo chani", anawo akangomva zimenezo amayamba kuyang'ana mango mumtengo. Amene ali ndi nkhani yotere ngakhale yolemba pamanja mu kope andipeze ku inbox, tiiyese pa ana, akapanda kuseka tikuuzani osabisa.