Anatiletsa kulowa m'kachisi wa Tanah Lot, ndipo anachita bwino

Mnzanga amene ndinayenda naye ku Bali, chilumba cha ku Indonesia, akudandaulabe mpaka lero kuti anatidyera ndalama. Akuti zingatheke bwanji munthu kulipira pageti, kutuluka thukuta pa dzuwa lonse lija, kenako n'kuuzidwa kuti m'kachisimo simulowa? Ine ndikuti eni ake sanalakwe, ndipo tsiku lonse lija chimene chinandikhalira mumtima ndi kuletsedwa komweko.

M'mawa tinali kugombe la Kuta. Mchenga wake ndi wabwino, mafunde ataliatali, anyamata akuphunzitsa alendo kuimirira pathabwa. Koma munthu woti unakula ukusamba pa Senga Bay, mchenga sungakutengere mtima, ndipo madzi amchere aja amayabwa m'maso. Tinamwa madzi a kokonati n'kunyamuka.

Tanah Lot ali m'dera la Tabanan, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Denpasar, likulu la Bali, koma njinga zamoto zimachita kudzaza msewu moti ulendo wake umatalika. Dzinalo limatanthauza mtunda wa m'nyanja. Kachisiyo anamangidwa pamwamba pa chimwala chakuda, ndipo nyanja ikadzaza mwalawo umasanduka chilumba. Madzi akaphwera m'pamene mumawoloka wapansi, mutapinda thalauza. Akuti amene anasankha malowa ndi wansembe wachihindu, Dang Hyang Nirartha, m'zaka za m'ma 1500, ndipo njoka za mizere yakuda ndi yoyera zimene zimakhala m'mapanga a pamenepo amati ndi alonda a kachisi. Ine njokazo ndinaziwonera patali, musandifunse chifukwa.

Patsinde pa mwalawo pali kasupe wa madzi opanda mchere, pakati pa nyanja yamchere. Pamenepo aliyense amaloledwa. Wansembe wovala zoyera anandiwaza madzi kumutu, anandimata timbewu ta mpunga pamphumi, n'kunditsomeka duwa kukhutu. Sanandifunse dzina kapena mpingo wanga. Nditatembenukira ku masitepe okwerera pamwamba ndinapeza kageti kotseka. Okwera ndi okhawo amene abwera kudzapemphera.

Mnzanga ali ndi mfundo yake, sindikana. Kuti ufike kunyanjako umayamba wadutsa mumsika wautali wa malaya, zibangili ndi zosema, ndipo paliponse pali poponya kangachepe. Ngakhale mwalawo si wonse wachilengedwe: mafunde ataudya kwambiri m'zaka za m'ma 1980, anaukonza ndi ngongole yochokera ku Japan, moti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lopangidwa ndi anthu. Kuyambira mu 2024 mlendo aliyense wakunja amalipiranso 150,000 rupiah (ndalama ya ku Indonesia) pongolowa m'chilumba cha Bali. Ndalama amazifuna ndithu, sachita manyazi.

Komatu n'chifukwa chake kageti kaja ndikukalemekeza. Anthu oti agulitsa malo oimika galimoto, mthunzi, ngakhale mpando wowonerapo dzuwa likamalowa, afika pamasitepe paja n'kunena kuti apa pokha ayi. Akanafuna akanaika mtengo, ndipo anthu mazanamazana amene tinali nawo tsiku lija akanalipira mosanyinyirika. Ndiye taganizani gulu lonselo lili pamwamba paja, mafoni m'mwamba, wina akuuza mnzake kuti tasunthani ndijambule, pamene mayi wina akupereka nsembe yake. Akanapemphera bwanji? Ife tomwe ku Khulubvi ku Nsanje, kwa Mbona, sitilowa ngati tikulowa mugolosale. Nanga kwa eni ake tikakamire chifukwa choti tagula tikiti?

Ndili chiimire pamenepo panafika amayi atatu atamanga nsalu ndi lamba m'chiuno, atasenza madengu a zipatso ndi maluwa. Mlonda anawatsegulira osalankhula kanthu. Wakumbuyo anali wachikulire, ankakwera sitepe imodziimodzi, dzanja lina litagwira dengu, lina likukweza nsalu kuti isanyowe. Sanaticheukire n'komwe ife a makamera. Anakhota kuseri kwa mwala, sitinawaonenso.

Posakhalitsa madzi anayamba kubwerera, alonda n'kumatiuza kuti tiwoloke msanga. Mnzanga anafika kumtunda thalauza litanyowa mpaka m'mawondo, akung'ung'udza za tikiti yake, mpunga uja udakali pamphumi.