Lekani kukuwira odwala m'makutu, sanagonthe

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lamlungu lapitali ndinali kwa amalume, amene angotuluka kumene m'chipatala atawachotsa chotupa mu ubongo. Kunabwera azimayi a kumpingo kudzawazonda, zomwe n'zoyamikika. Mmodzi anawapatsa moni kuti "Mwaswera bwanji, abambo?" amalume n'kungomuyang'ana osayankha. Mayiyo anasendera, n'kuika pakamwa pakhutu lawo, mbali yomweyo ya chipsera, n'kukuwa ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Amalume anadzidzimuka n'kugwira mutu. Ndiye mayiyo n'kutembenukira kwa azakhali, mwini wake ali pomwepo, amvekere: "Iii, agontha awa. Madokotala awaononga."

Sanagonthe ayi! Chitseko chikatsegulidwa kukhitchini amamva. Tambala wa aneba akalira amamva. Foni ikaitana kuchipinda, oyamba kutembenuka amakhala iwowo. Makutu awo ali bwinobwino. Chikuvuta ndi ubongo kusanja mawu a munthu, ndipo ubongo suchira ndi kukuwa. Kukuwa kumangopweteka mutu wa munthu amene wasokedwa dzanadzanali.

Khutu limangolandira phokoso basi. Kuzindikira kuti woyankhulayo wati "phala", osati "pala" kapena "bala", kumachitikira mkati, ndipo kwa anthu ambiri ndi mbali ya kumanzere, chapamwamba pa khutu, pamalo amene madokotala amati temporal lobe. Chotupa chikamera pamenepo, kapena malowo akatupa opaleshoni itatha, mawu amafika ndithu koma amafika osokonekera. Mukakweza mawu, mwangokweza chisokonezo chomwecho. Nkhaniyi si yachilendo. Dokotala wa ku Germany, Carl Wernicke, analemba kale mu 1874 za odwala amene makutu awo ankamva koma zoyankhula za anzawo osazitola. Zaka 150 zadutsa, ife tikanakuwabe m'makutu mwa anthu.

Nanga zoti madokotala awaononga mwazitenga kuti? Munali kuti chaka chatha, pomwe amalume ukawauza china iwo ankayankha china? Azakhali ankadandaula kuti bambowa ayamba kunyozera, ukamawayankhula amangoti "ati chani?" kawirikawiri. Ena ankati n'ukalamba, ena ankanong'ona za mowa, chonsecho munthuyo salawa n'komwe. Chinali chotupacho, chikugwira kale ntchito yake mwakachetechete, mpeni usanawakhudze. Zoona, masabata oyamba opaleshoni ikachitika zinthu zimatha kuoneka ngati zaipiraipira chifukwa cha kutupa. Ambiri amayamba kupeza bwino pakapita masabata kapena miyezi, ena sabwerera mwakale kwathunthu. Koma inu mwabwera kwa mphindi khumi, mwayeza, mwagamula, mwalengeza. Mwaphunzira liti udokotala?

Madokotala enieniwo nkhani imeneyi amaiopa kwambiri, mpaka m'zipatala zina amamuyeza wodwala kamvedwe ndi kayankhulidwe asanamuchite opaleshoni, n'kudzamuyezanso pambuyo pake. Nthawi zina amamudzutsa opaleshoni ili mkati, mutu uli wotsegula, n'kumamuonetsa zithunzi kuti azitchula maina, pofuna kudziwa malo osayenera kudulidwa. Anthu akusamala choncho, wina n'kubwera ndi kukhosi kwake kudzakuwa pabala!

Amene amanditonthoza mtima ndi msuweni wanga, mwana wawo wamkazi. Iye akafuna kuyankhula nawo amayamba wazimitsa wailesi. Amakoka kampando n'kukhala patsogolo pawo kuti aziona milomo yake. Amanyamula kapu m'manja n'kunena ndi mawu a masiku onse, osakweza: "Ababa, tiyi?" Kenako amadikira. Amadikira ndithu, osabwereza, osaonjezera mawu ena pamwamba. Umaona maso a amalume akuchoka pa kapu kupita pakamwa pake, kenako n'kugwedeza mutu, "Eya, koma shuga pang'ono." Munthu wogontha amayankha za shuga? Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale. Ife chimene tilibe ndi kudekhako. Timafuna wodwala ayankhe pompopompo kuti tikafotokoze kunyumba kuti tawaona, akupezako bwino, ndipo akachedwa kuyankha timamupatsa dzina: wagontha, mutu sukugwira, wasanduka mwana.

Sanasanduke mwana. Ndi bambo wa pakhomo, nzeru zake zilimo, ndipo nkhope zanu amaziwerenga bwino lomwe. Mayiyo atanena zakezo ndinaona amalume atawerama, akusisita bondo ndi chala. Mwina mawu onse sanawatole, koma kuti akunyozedwa anadziwa.

Ndiye tiyankhulepo za kazondedwe kathuka. Timalowa anthu khumi m'kabalaza kamodzi, uyu akufunsa za mankhwala, uyo akufotokoza za maliro a kumudzi, ana akuthamangitsana, TV ili phokoso, wina wayambitsa kale nyimbo. Ngakhale ife abwinobwino pamenepo timavutika kumvana. Nanga munthu amene ubongo wake ukulimbana ndi liwu limodzi lokha? Akatopa n'kutseka maso, timati watinyoza. Lowani awiriawiri. Ayankhule mmodzi. Pemphero lalifupi nalonso Mulungu amalimva.

Ndipo lekani kukamba za munthu ngati wamwalira ali pampando pomwepo. "Anali munthu wanzeru awa." Anali? Inunso amene munatulutsa foni n'kujambula chipsera chawo osapempha, n'kuchitumiza pagulu la WhatsApp la kumpingo ndi mawu oti tiwapempherere, anakulolani ndani? Chotsani chithunzicho lero lomwe.