Musanawongoledwe msana, pimitsani mafupa kaye

Alembi, mwati aliyense amene msana ukumupweteka apite kwa chiropractor (katswiri wowongola msana ndi manja), koma chenjezo lalikulu mwalisiya. Mayi anga, a zaka 68, anayamba kufupika msinkhu n'kumayenda chowerama, ife tinkangoti ndi ukalamba basi. Chiropractor atawakanikiza msana mwamphamvu, mayiwo anagona masabata atatu osatha n'kutembenuka komwe. X-ray inaonetsa kuti fupa limodzi la msana laphwanyika. Atawapima pa makina a DXA, opimira kulimba kwa mafupa, nambala yoonetsa kulimbako (T-score) inali -3, pomwe -2.5 kupita pansi ndi osteoporosis kale, matenda ofooketsa mafupa. Matendawa samveka kupweteka mpaka fupa litathyoka.

Amayi amene munasiya kusamba, ndi inu amene mwamwa prednisolone (mankhwala ochepetsa kutupa) miyezi yambiri, mafupa anu akhoza kukhala ofooka, choncho musalole munthu akukanikizeni msana dokotala asanaone mafupa anu.