Khomo la mphaka: a ku Mchinji amabowola khoma, ife a ku Chipata timadula chitseko

Nyumba zomwe tikumanga masiku ano zamutsekera mphaka panja, koma khoswe zamusiyira njira. Nyumba ya agogo yofolera udzu ija inali ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, mphaka ankalowa ndi kutuluka osapempha munthu. Lero tafolera malata, mpata uja tautseka ndi njerwa poopa udzudzu, mawindo tawatchinga ndi zitsulo komanso waya, chitseko chimakwana gwa! mu felemu. Khoswe yekha sanadandaule, iye kampata kolowa chala chachikulu kamukwanira. Chimanga nachonso chinachoka m'nkhokwe, chikugona m'nyumba m'matumba a makilogalamu 50 chifukwa panja akuba sachisiya. Ndiye chakudya cha khoswe chili mkati, mlonda wake ali panja akulira pazenera usiku wonse, kapena mwamutsekera mkati ndipo waipitsira kuseri kwa matumba.

Vutoli n'limodzi tsidya lino la Mwami, chipata cha malire a Zambia ndi Malawi, ndi tsidya linalo. Chosiyana ndi kathetsedwe kake. Ndili ndi abale ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ndipo m'makomo amene ndimalowamo kumeneko, munthu akafuna kumupatsa mphaka njira amayang'ana khoma. Kuno ku Chipata amayang'ana chitseko.

Alamu anga amakhala chakufupi ndi Kamwendo. Nyumba yawo ndi ya njerwa zootcha, zomangira dothi, pulasitala wa simenti kunja kokha. Kuchipinda chosungiramo chimanga ndi mtedza, mmisiri anachotsa njerwa m'mizere iwiri, pamwamba pang'ono pa maziko, n'kumata m'mbali mwake. Njerwa imodzi yokha sikwana, chifukwa msinkhu wake ndi masentimita 7 kapena 8 basi, mphaka wamkulu angachite kukwawa ndi mimba. Ntchito yonse inatha madzi osamba asanatenthe, ndipo palibe chomwe anagula. Nditawafunsa chifukwa chake sanangodula chitseko, anandiyang'ana modabwa.

"Alamu, chitseko cha mlombwa chimenechi ndichidule chifukwa cha mphaka? Njerwa ndimaumba ndekha kudamboko, koma thabwa ndimachita kugula."

Mawu amenewa ndi amene akufotokoza kusiyana konse. Kumene njerwa n'zotchipa ndipo nyumba ndi yako, khoma silipweteka mtima. M'tauni mwathu muno, ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika, anthu ambiri ali pa lendi, ndipo nyumba zatsopano zambiri n'za mabuloko omangira simenti. Kubowola buloko n'kuitana nkhondo ndi alandilodi. Komanso buloko mkati ndi lamphako, ukalibowola osadzaza mphakozo ndi simenti, wawatsegulira makoswe omwewo nyumba yogona m'kati mwa khoma. Chitseko chili ndi ubwino umodzi womwe khoma lilibe: umatha kuchimasula pa mahinjesi, n'kusunga cha eni nyumba kuseri kwa kabati, n'kupachika chako chotchipa. Tsiku losamuka umabwezeretsa chawo, chako n'kukweza pa galimoto limodzi ndi mphakayo.

Koma bowo la alamu anga lili ndi vuto lomwe iwo eni amalivomereza. Ndi bowo chabe, lilibe chotsekera. Nkhuku zimalowa kukajompha matumba, amphaka a eni ake amabwera kudzamenyana momwemo, mvula ya mphepo ikawomba mbali imeneyo madzi amafika pansi pa chimanga. Usiku amatsekapo ndi njerwa poopa njoka, ndiye kuti nthawi yomwe mphaka akufunika kuyenda ndi yomwe njira yatsekedwa. Kadulidwe ka ku Chipata kamapambana apa, chifukwa akalipentala athu akadula amaikapo kachitseko kolendewera.

Ntchitoyi ndaionera pafupi pa shedi ya amdala ena opala matabwa kufupi ndi msika wa Kapata. Choyamba sayeza chitseko, amayeza mphaka. Kuchokera pansi kufika pamimba pake akaimirira, kawirikawiri ndi masentimita 10 mpaka 15, ndipo pamenepo ndi pomwe payenera kukhala mlomo wapansi wa bowolo. Bowo lenilenilo masentimita 15 mulifupi, 16 kapena 17 msinkhu, lamukwanira mphaka wamba. Amajambula ndi pensulo mbali zonse ziwiri, n'kubowola timabowo tinayi m'makona, kenaka n'kulowetsa sowo yaing'ono kuchoka kabowo kena kukafika pa kena. Chitseko amachichotsa kaye pa felemu n'kuchigoneka pa benchi. Wodula chili chiimire amang'amba plywood ya mbali inayo.

Zitseko zopepuka zogula m'mashopu a hardware zija mkati n'zopanda kanthu, muli timakatoni chabe. Thabwa lenileni lili m'mphepete mokha, ndiye lapansilo musalidule, ndilo limagwira chitseko chonse kuti chisapindike. Mukadula pamwamba pake mupeza mphako kuzungulira bowolo. Amdala aja amadula titimatabwa tinayi, n'kutipaka guluu, n'kutilowetsa m'mphakomo kuti bowo likhale ndi makoma ake. Mukapanda kutero chinyezi chilowa, mphemvu zipeza mudzi, ndipo dzinja limodzi lokha chitseko chafufuma.

Chotsekera chake amachidula ku chubu chakale cha thiraki, kapena ku labala lija limalendewera kumbuyo kwa matayala. Chimayenera kuchepa pang'ono pa bowolo, mamilimita awiri kapena atatu mbali iliyonse, kuti chizikankhika kupita mkati ndi kunja komwe. Pamwamba amachipanikiza ndi kathabwa ndi masikuluwu, pansi amamatapo kawashala kolemera kuti mphepo ya mu Julayi isamachiulutse. Ena amachotsa maginito ku sipikala yakufa kuti chikabwerera chizigwira. Kumkati amakhomerera timizere tiwiri ta thabwa tolowetsamo kabolodi ngati mukufuna kutsekeratu, monga pochoka ulendo kapena mphaka akadwala.

Chitseko chachitsulo ndi nkhani ya owotcherera. Amadula ndi galainda, koma muwaimirire mpaka asalaze m'mphepete ndi kuzunguliza kafelemu, chifukwa lata lodula limacheka ngati lumo. Apakenso penti woletsa dzimbiri. Chitseko cha mukwa chonse, chomwe anzathu a ku Malawi amati cha mlombwa, ine ndili mbali ya alamu anga: musachidule. Mtengo umenewu ukusowa ndipo ukukwera chaka ndi chaka.

Pali chinthu china chomwe a ku Lilongwe anandiphunzitsa osadziwa. M'nyumba zambiri za m'tauni, kwawo ndi kwathu komwe, khomo lili ndi zitseko ziwiri, chathabwa mkati, chazitsulo kunja. Mphwanga wina ku Area 25 sanadule chilichonse kuchazitsulocho, mphaka amadutsa yekha pakati pa zitsulo, bola bowo la chathabwa liyang'anizane ndi mpata, osati ndi chitsulo chopingasa. N'zochepa, koma akalipentala amaiwala kuyeza zimenezi chifukwa chitseko amachidulira ku shedi, kutali ndi khomo lake.

Nanga zogula kale, zapulasitiki zija? Zimapezeka m'mashopu ena a ziweto ku Lusaka ndi ku Lilongwe, zina anthu amaitanitsa ku Johannesburg. Zabwino zake zili ndi loko wa njira zinayi: kulowa kokha, kutuluka kokha, zonse ziwiri, kapena kutseka. Zili ndi timaburashi m'mphepete totchinga mphepo ndi udzudzu, ndipo pamenepa labala la chubu silingafikepo. Palinso zina zoyendera mabatire, zomwe zimawerenga kachipangizo kotchedwa microchip komwe adokotala a ziweto amabaya pansi pa khungu la mphaka, n'kumatsegukira iye yekha. Ku England kuyambira mu Juni 2024 lamulo limakakamiza eni amphaka kuwaika kachipangizoka, ndipo zitseko zotere n'zofala kumeneko. Kuno amphaka athu ambiri ngakhale jakisoni mmodzi sanamuonepo. Kugula chitseko chodziwa kuwerenga pomwe mphaka alibe choti chiwerenge n'kungotaya kwacha, kaya ya ku Zambia kaya ya ku Malawi. Komanso pulasitiki yotchipa ikapsa ndi dzuwa la mu Okutobala imauma n'kuthetheka.

Funso lomwe aliyense amafunsa, tsidya lino ndi tsidya linalo, ndi la akuba. Munthu sangakwane pa bowo la masentimita 15, koma mkono umakwana, ndi waya womwe. Chitseko chokhala ndi chitsulo chotsekera chapansi, kapena chomwe mumasiya kiyi ali pa loko usiku, si chodula. Apa nzeru za ku Mchinji ndi zomwe ndimazikonda: alamu anga sanabowole pabalaza kapena kuchipinda chogona, anabowola komwe kuli chimanga. Ife kuno timathamangira khomo lalikulu chifukwa ndi pomwe mphaka amalirira, pomwe ntchito yake ili kukhitchini ndi kusitolo, chipinda chosungiramo chimanga chija. Likakhala khomo la kumeneko, ndipo chitseko chapakati cholowera kuzipinda chili chotseka, udzudzu kapena njoka yomwe ingadutse pa labala ithera komweko. Kuno malungo si nkhani yongomva, ndiye sindingaike bowo losatsekeka bwino pafupi ndi pomwe ana amagona.

Za ufiti sinditayapo nthawi. Mantha a mphaka woyenda usiku ndi amodzi ku Katete ndi ku Kasungu, ndipo aneba ena adzang'ung'udza ndithu akaona kuti mwamupangira khomo lakelake. Adzasiya akadzaona matumba anu afika mu Febuluwale osabooka.

Kumene ndikuona kuti a ku Malawi, makamaka a ku Lilongwe, atisiya kumbuyo ndi pa zomwe zimatsatira bowolo. Mphaka wokhala ndi njira yakeyake amayenda kutali, amamenyana, amakumana ndi agalu. Chiwewe sichigwira agalu okha, mphaka naye amachitenga n'kupatsira munthu pomuluma kapena kumukanda. Wamkazi amatenga bere la masiku 63 mpaka 65 ndipo amatha kubereka kawiri kapena katatu pachaka. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA lomwe limabaya katemera ndi kufula agalu ndi amphaka, ndipo ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu ambirimbiri kuyambira 2015. Kwathu bungwe lotere lodziwika, LAWS, lili ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 pa Great East Road. Lilongwe ali pafupi nafe kuposa likulu lathu lomwe, koma mphaka sangangokwera takisi n'kudutsa pa Mwami. Ngakhale chipata chija anachiphatikiza kukhala chimodzi mu 2022, chiweto chimafunikabe zikalata za a zaumoyo wa ziweto. Choncho kwa ife njira ndi ofesi ya vetenale ya boma, ndipo ndi bwino kupita sowo isanakhudze chitseko. Chakumapeto kwa Seputembala, pafupi ndi tsiku lokumbukira chiwewe la pa 28, nkhani za katemera zimamveka kwambiri, muzitchera khutu.

Pamene ife tili ndi mwayi pang'ono ndi pa poizoni, ngakhale si kuti kuno kulibe. Ku Malawi mankhwala a makoswe otchedwa tameki ndi otchuka moti mwana aliyense amawadziwa dzina, ndipo abale anga ataya amphaka angapo atadya khoswe wofa nawo kwa aneba. Kaya ndi tsidya liti, musanamupatse mphaka ufulu wa usiku, funsani a nyumba zoyandikana ngati amathira mankhwala.

Ine ndikanakhala ndikumanga nyumba yanga lero, ndikanatenga malo a ku Mchinji ndi chotsekera cha ku Kapata: ndikanamuuza mmisiri asiye theka la buloko pakhoma la kusitolo, adzaze mphako zake, pansi pake apendeketse pulasitala kuloza kunja kuti madzi azitsetsereka, kenaka kalipentala aikemo kafelemu kathabwa ndi labala lake. Kwa a pa lendi, chitseko chanuchanu chakukhitchini.

Likatha bowolo, mphaka sadziwa kuti ndi lake. Masiku oyamba labala limangiriridwe m'mwamba ndi chingwe kuti aziona kuwala mbali inayo, wina akhale kunja ndi kapenta m'manja n'kumamuitana. Akazolowera kudutsa, mulitsitse pang'onopang'ono mpaka aphunzire kukankha ndi mutu. Anawo muwaletse kumugwira n'kumukankhiramo mokakamiza, chifukwa mphaka woopsezedwa pa bowo amabwerera pazenera paja, ndipo amatha milungu asanayandikirenso chitseko chomwe mwadula.