Lee Kuan Yew ndi Marcos: nkhanza si zimene zinatukula Singapore

Umphawi ukafika pakhosi, ena amayamba kunena kuti dziko limafuna mtsogoleri wa dzanja lolimba ngati Lee Kuan Yew. Abale anga, ine ndimakana, ndipo amene amanena zimenezi ndikuwapempha ayang'anenso Ferdinand Marcos.

Singapore inakhala dziko loima palokha mu Ogasiti 1965, Lee ali nduna yaikulu. Marcos analumbira kukhala pulezidenti wa Philippines mu Disembala chaka chomwecho. Onse awiri anali maloya, ndipo onse sankafuna kutsutsidwa. Marcos anaika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali mu 1972, anthu ambiri anamangidwa, ena kuzunzidwa, ena kuphedwa. Ngati kuopseza anthu kukanakhala mankhwala a chitukuko, bwenzi Manila, likulu la Philippines, ili patsogolo lero. Koma pothawira ku Hawaii mu Febuluwale 1986, Marcos anasiya ngongole yakunja yoposa madola 25 biliyoni. Malo opangira magetsi a nyukiliya ku Bataan anadya madola opitirira 2 biliyoni koma sanayatse babu ngakhale limodzi, ndipo anthu wamba anamaliza kubweza ngongole yake mu 2007. Makampani a shuga ndi a kokonati anali m'manja mwa anzake apamtima a Marcos.

Chaka chomwecho cha 1986, ku Singapore, bungwe lolimbana ndi katangale la CPIB linkafufuza Teh Cheang Wan pa nkhani ya ziphuphu. Ameneyu sanali munthu wamba ayi. Anali nduna m'boma la Lee, ndipo kale anatsogolera HDB, bungwe lomwe linamanga nyumba zimene anthu pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse a ku Singapore amakhalamo. Teh anapempha kuonana ndi Lee, koma Lee anakana mpaka kafukufuku atatha. Teh anadzipha mu Disembala. Imfa yake ndi yomvetsa chisoni, koma nkhaniyi imandionetsa pamene panagona kusiyana: ku Singapore lamulo linkafika ngakhale kwa amene akudya pa tebulo limodzi ndi mtsogoleri, ndipo ndalama za boma zinkathera ku nyumba, sukulu ndi doko.

Izi sizikutanthauza kuti Lee anali woyera. Mu 1963, pa ntchito ya achitetezo yotchedwa Operation Coldstore, anthu oposa 100 anagwidwa popanda kuzengedwa mlandu. J. B. Jeyaretnam, wotsutsa boma, anasaukiratu chifukwa cha milandu yoipitsa mbiri imene atsogoleri a chipani cholamula ankamusumira. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha Chia Thye Poh, yemwe anali phungu wa nyumba ya malamulo. Anamangidwa mu 1966, anakhala zaka 23 osaonekera kukhothi, kenako anamutsekereza pachilumba cha Sentosa. Anthu otamanda Lee amakonda kulumpha dzina limeneli. Ine sindiona nyumba, sukulu kapena fakitale ngakhale imodzi imene Singapore ikanalephera kumanga bambo ameneyu akanakhala kwawo ndi banja lake.